Cobbler wa mabulosi: mafunso ndi mayankho kwa ophika a ku Mchinji

Mabulosi akayamba kuda m'mitengo, cha mu Seputembala mpaka Novembala, ambiri amangothera pansi. Ana adya mpaka milomo bii, mbalame zidya, otsalawo atola ndi nkhuku. M'munsimu muli mayankho a mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ofuna kuwaphika cobbler, kaya muli ndi uvuni wamagetsi pa boma kapena mbaula chabe ku Kamwendo, Mkanda kapena Kapiri.

Kodi cobbler n'chiyani kwenikweni?

Ndi zipatso zothira shuga pansi pa mbale, pamwamba pake n'kuikapo timitanda ta ufa wa tirigu, zonse n'kupsera pamodzi. Zipatsozo zimawira n'kusanduka msuzi wolimba, ndipo timitandato timafufuma ngati masikono. Pansi sipakhala mtanda ayi, ndipo sadula ndi mpeni ngati keke. Amapakula ndi supuni.

Chakudyachi chinachokera ku America, komwe anthu ochokera ku Britain ankachiphikira pamoto m'miphika yachitsulo yokhuthala, makala ena ali pachivindikiro. Amene anaphikapo chigumu aona kale kuti njira yake si yachilendo.

Maphikidwe ambiri amanena za blueberry. Kodi mabulosi athu angalowe m'malo mwake?

Angalowe, ndipo kuno ndiwo oyenera kuyamba nawo. Blueberry ndi chipatso cha ku North America chimene chinayamba kulimidwa kuti chizigulitsidwa mu 1916 ku New Jersey, pa ntchito ya Elizabeth White ndi Frederick Coville. Kuno mungachipeze m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, m'timabokosi ting'onoting'ono ta magalamu 125. Cobbler mmodzi amafuna timabokosi 5. Mukawerengera mtengo wake ndi wa minibasi ya pa msewu wa M12, mtengo wa mabulosi wa kuseri kwa nyumba umayamba kuoneka bwino.

Kusiyana kwake kulipo ndithu. Blueberry ali ndi khungu limene limagwira madzi mpaka chipatsocho chitaphulika pamoto, pamene mabulosi ndi ofewa, amataya madzi msanga, ndipo akapsa kwambiri amangotsekemera osawawasa konse. Choncho mabulosi amafuna ndimu wochulukirapo ndiponso ufa wolimbitsira msuzi wochulukirapo pang'ono. Mukapeza blueberry, miyezo ili m'munsiyi igwirabe ntchito, koma muchepetse cornflour (ufa wosalala wa m'masitolo wolimbitsira msuzi, osati ufa wa nsima) ndi theka la supuni.

Ndikonze zinthu ziti, ndipo zochuluka bwanji?

Miyezo iyi ndi ya anthu 6, m'mbale ya masentimita 20 mbali zonse kapena poto wa masentimita 22 mpaka 24 kukamwa kwake. Kapu imene tikunena ndi ya mamililita 250, supuni yaikulu ndi 15, supuni ya tiyi ndi 5. Supuni ndi kapu zikhale zosalaza ndi mpeni pamwamba, osati za mulu.

Za pansi: mabulosi makapu 4 (pafupifupi magalamu 600), shuga gawo limodzi mwa magawo atatu a kapu (magalamu 70), cornflour masupuni aakulu 2, madzi a ndimu supuni yaikulu imodzi ndi theka, khungu la ndimu mmodzi lopala, ndi kamchere kotsina ndi zala.

Za pamwamba: ufa wa tirigu kapu imodzi ndi theka (magalamu 190), shuga kota ya kapu (magalamu 50), baking powder supuni ya tiyi imodzi ndi theka, mchere theka la supuni ya tiyi, majarini kapena batala wozizira magalamu 85 (masupuni aakulu 6), mkaka wozizira mamililita 150, ndi supuni imodzi ya shuga yowaza pamwamba.

Mwina mwaona maphikidwe ena akunena masupuni a tiyi 2 a baking powder pa ufa womwewu. Amenewo analembedwera malo otsika. Mchinji ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chonchi mtanda umafufuma msanga. Mukachulutsa baking powder umakwera kenako n'kufwamphuka. Ngati ufa wanu ndi wa self-raising, musathiremo baking powder, ali kale m'menemo.

Lawani mabulosi musanathire shuga. Akakhala akuda okhaokha, magalamu 50 akwana. Akachuluka ofiira, fikitsani 100.

Mabulosi ndiwakonze bwanji?

Yalani chitenje chakale kapena thumba pansi pa mtengo, gwedezani nthambi pang'onopang'ono. Amene agwa okha ndiwo akupsa. Thyolani ofiira ochepa ndi manja, ngati dzanja limodzi, muphatikize: kuwawasa kwawo n'kumene kumadzutsa kukoma. Musawaunjike m'ndowa yakuya chifukwa apansi amaphwanyika. Lichero ndiye labwino.

Aviikeni mphindi 10 m'madzi okwana lita imodzi othira supuni ya tiyi ya mchere. Tizilombo ndi timphutsi tobisala m'kati timayandama. Tsukuluzani ndi madzi oyera, muyale pansalu kuti aume. Izi musazinyoze, pakuti madzi otsalira pa mabulosi amakathera mu msuzi n'kuusukulutsa.

Timapesi tobiriwira timafewa pamoto koma sititha. Kudula ndi sizasi makapu 4 kumatenga mphindi ngati 20, ndipo ndi ntchito yabwino kupatsa ana amene akudikira kudya. Ophika ena amatisiya. Sikulakwa, koma mlendo adzatimva m'kamwa. Mabulosi ophikidwa tsiku lomwe athyoledwa ndiwo abwino. M'nyengo yotentha ya Okutobala akagona kunja kwa firiji amayamba kusasa.

Nanga kaphikidwe kake mu uvuni?

1. Yatsani uvuni pa madigiri 190, utenthe mphindi 15 musanalowetse kanthu.
2. Sakanizani shuga, cornflour ndi mchere zili zouma, kenako muwaze pa mabulosi. Thirani ndimu ndi khungu lake, tembenuzani mosamala ndi supuni. Cornflour wothira yekha pazipatso zonyowa amachita zibuluma.
3. Thirani m'mbale yopaka majarini, lowetsani mu uvuni mphindi 10 zipatsozo zili zokha.
4. Zili m'menemo, sefani ufa, baking powder, shuga ndi mchere. Dulani majarini tizidutswa, mufikise mu ufa ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati nyenyeswa za buledi, tina tokula ngati nandolo titsale.
5. Thirani mkaka nthawi imodzi, takasani ndi foloko maulendo 10 kapena 12 basi. Mtanda ukhale womata, wosasalala.
6. Tulutsani mbale ija. Ndi supuni, gwetsani timitanda 8 kapena 9 pamwamba, tosakhuthala kupitirira masentimita 2, ndipo pakati pake pazitsala mpata wolowa chala. Wazani shuga.
7. Bwezerani mu uvuni mphindi 30 mpaka 35. Pansi pa mbale ikani thireyi kapena lata laling'ono lolandira msuzi wosefukira.
8. Tulutsani, dikirani mphindi 20 mpaka 30 musanapakule.

Wapsa ngati pamwamba pafiirira, msuzi ukubwata pakati penipeni osati m'mbali mokha, ndipo mukatukula kamtanda kapakati ndi foloko kunsi kwake kuli kouma ngati sikono.

Ndilibe uvuni. Zingatheke pa mbaula?

Zimatheka bwino, ndipo magetsi akamazimazima njira imeneyi ndiyo yodalirika. Chinsinsi chake n'chomwe chija cha chigumu: moto wambiri pamwamba, wochepa pansi. Pa makala onse amene mwayatsa, magawo awiri mwa atatu apite pachivindikiro.

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kupanga uvuni ndi sefuliya yaikulu. Thirani mchenga wouma, woyera, wokhuthala masentimita 2 kapena 3 pansi pake, kapena muikemo timiyala titatu tofanana msinkhu. Vindikirani, ikani makala pamwamba, itenthe mphindi 15. Poyesa kutentha, ikani ufa pang'ono pakachitsulo m'katimo: ukafiirira pa mphindi 4 kapena 5, moto uli bwino, ukada pa mphindi imodzi, chotsaniko makala, ukakhala woyerabe pakatha mphindi 8, onjezerani. Mukatero khazikani mbale ya cobbler pamchengapo. Pakati pa timitanda ndi chivindikiro pakhale mpata wa zala zitatu, apo ayi pamwamba papserera m'kati musanapse. Nthawi yake ndi mphindi 40 mpaka 50.

Yachiwiri ndi yachidule, ya poto mmodzi. Wiritsani zipatso pa mbaula mpaka zitabwata mphindi imodzi, mukutakasa. Tsitsani poto, chotsani makala ambiri mu mbaula kutsale asanu kapena asanu ndi limodzi okutidwa ndi phulusa. Gwetsani timitanda, vindikirani ndi lata, sanjikani makala ochotsedwa aja palatapo, bwezerani poto. Mphindi 25 mpaka 30 zimakwana. Vuto la njirayi ndi shuga kugwira pansi, ndiye mphuno ikhale tcheru. Mukamva fungo la shuga wopserera, tsitsani poto pansi, amalize ndi moto wapamwamba wokha.

Pa njira zonsezi, zungulizani poto ndi chivindikiro mphindi 10 zilizonse, chifukwa mbali yoyang'ana mphepo imatentha kwambiri. Makala apamwamba achuluke m'mphepete kuposa pakati. Musavundukule mphindi 20 zoyamba zisanathe. Pofuna kusuzumira, yambani mwauzira phulusa, kenako tukulani chivindikiro chili chathyathyathya n'kupita nacho pambali. Nthunzi imene imasonkhana kunsi kwa chivindikiro imadonthera pa timitanda n'kutinyowetsa, choncho mphindi 10 zomaliza siyani kampata poika kamtengo m'mphepete.

Zitsononkho za chimanga zikhoza kugwira ntchito pamwamba zikayaka n'kusanduka makala, koma zimatha msanga, ndiye muzikhala ndi zina zoyaka pambali. Mbaula ikhale pakhonde kapena m'khitchini motsegula zitseko. Mpweya wa makala sununkha koma umapha m'chipinda chotseka.

Chifukwa chiyani cobbler wanga wangokhala madzi okhaokha pansi?

Funso ili ndilo limabwera kwambiri, ndipo nthawi zambiri vuto silikhala kuchepa kwa cornflour. Cornflour salimba pokhapokha madzi atafika powira. Pamwamba pakhoza kufiirira bwinobwino pamene pakati pa zipatso sipanawire, makamaka ngati moto wapamwamba wachuluka. Wophika aona mtundu wokongola, atulutsa, msuzi uli wamadzi ndiponso wotuwa, ukumveka ufa pa lilime. Dikirani mpaka muone thovu lalikulu, lochedwa kuphulika, likutuluka m'mipata yapakati. Ngati pamwamba pafiirira kale, phimbani ndi foil kapena chepetsani makala apamwamba, mupitirize.

Chifukwa chachiwiri ndi kufulumira kupakula. Msuzi umalimba pamene ukuzirala, monga phala limachitira mukalisiya m'mbale. Zina ndi izi: mabulosi osauma bwino mutatsuka, mabulosi othira shuga n'kuwasiya maola angapo, kapena timitanda totseka pamwamba ponse moti nthunzi yasowa potulukira.

Ngati zachitika kale, chotsani timitanda ndi supuni, wiritsani msuziwo pamoto ndi supuni ya tiyi imodzi ya cornflour wosungunula m'madzi ozizira, bwezerani.

Pamwamba papsa koma kunsi kwa timitanda kuli kwauwisi. Ndalakwitsa pati?

Mwina munaika mtanda pa zipatso zozizira. Kunsi kwa kamtanda sikupsa ndi moto wa uvuni koma ndi nthunzi ya zipatso, n'chifukwa chake timayamba tatenthetsa zipatsozo mphindi 10. Mwinanso timitanda tinali tokhuthala kwambiri, kapena uvuni unatentha kupitirira madigiri 200. Mauvuni ambiri amanamiza: nambala ya pachotembenuzira ndi kutentha kwenikweni zimasiyana. Ngati keke zanu zimakonda kupserera pamwamba, tsitsani pa 180 ndipo mbale ikhale pa shelufu yapakati.

Timitanda tatuluka tolimba ngati mwala. Bwanji?

Mwakanda. Dzanja lozolowera mandasi limafuna kukanda mpaka mtanda usalale, koma apa ndi zosiyana. Ufa wa tirigu ukanyowa n'kumakandidwa umatulutsa gluten, chinthu chotamuka chimene chimathandiza buledi koma chimalimbitsa sikono. Mukaona kuti ufa wouma watha, lekani pomwepo.

Chinanso ndi majarini wosungunuka. Tizidutswa ta mafuta olimba timasungunuka mu uvuni n'kusiya timipata, ndipo timipatato ndito timafewetsa. Kukatentha ndipo mulibe firiji, ikani majarini m'kachitini kotseka, mukamize m'madzi a mumtsuko kwa ola limodzi, ndipo muphike m'mawa. Yesaninso baking powder wanu: thirani theka la supuni ya tiyi m'madzi otentha. Akapanda kuchita thovu nthawi yomweyo, wafa. Wokhalitsa pa shelufu ya golosale kapena wopuma chinyontho cha nthawi ya dzinja amatero.

Mtanda wasanduka wobiriwira pamene wakhudzana ndi zipatso, ndipo ukumveka ngati sopo. Ndi woopsa?

Si woopsa, koma soda wachuluka. Mtundu wa mabulosi ndi blueberry umachokera ku zinthu zotchedwa anthocyanin, zimene zimafiira zikakumana ndi zowawasa, n'kusanduka zabuluu kapena zobiriwira zikakumana ndi soda. Soda ndi baking powder si chinthu chimodzi: soda ndi wamphamvu katatu kapena kanayi, ndipo amafuna chowawasa choti alimbane nacho. Mukamuthira mu mkaka wamba, wotsalayo ndiye amawawa n'kusintha mtundu.

Ndingasinthe zinthu zina ndi zimene ndili nazo m'nyumba?

Chambiko m'malo mwa mkaka chimatulutsa timitanda tofewa kuposa mkaka wamba. Thirani mamililita 170, baking powder supuni ya tiyi imodzi, ndi soda kota ya supuni ya tiyi. Mkaka waufa wosungunula m'madzi ozizira ulinso bwino.

Cornflour akasowa, custard powder alowa m'malo pa muyezo womwewo, popeza mbali yaikulu ya custard powder ndi cornflour yemweyo. Ufa wa tirigu nawo umalimbitsa, koma umafunika masupuni aakulu 4 ndipo msuzi sukhala wowala.

Ufa wa chimanga ungalowe pa gawo limodzi mwa magawo atatu: kapu imodzi ya tirigu, theka la kapu ya mgaiwa wosefa. Kukoma kwake kumayandikira chigumu ndipo kumagwirizana ndi mabulosi. Mukachotseratu tirigu, timitanda timangonyenyeka n'kumira.

Majarini akhale wa njerwa wophikira, osati wofewa wa m'kontena wopaka pa buledi, amene ali ndi madzi ambiri. Mafuta ophikira amatheka pa masupuni aakulu 4 osakaniza ndi mkaka, koma zotuluka zake zimafanana ndi keke, osati sikono.

Poti mtedza ku Mchinji sitipempha kwa anansi, wazani masupuni 3 a mtedza wokazinga, wosinja mosalalitsa ayi, pamodzi ndi shuga wapamwamba uja. Sankhani bwino, wachuku ndi wofota mutaye.

Ndiphikire m'chiwiya chanji?

Mbale yagalasi yopirira moto, ya enamelo yosasupuka, kapena poto wa stainless steel. Mapoto ambiri a pamsika ndi a aluminiyamu, ndipo ndimu ndi zipatso zowawasa zimadya chitsulo chimenechi, chakudya n'kumamveka chitsulo ndiponso kuda mtundu. Ngati ndi amene muli naye, phikiranimo koma mupakule akangozirala, asagonemo. Mbale yagalasi isakhale pamakala mwachindunji, ndipo ikatuluka yotentha musaikhazike pa simenti yonyowa. Imasweka. Kuya kwa chiwiya chilichonse kukhale masentimita 5 kapena kuposerapo.

Palibe njira yosavutirapo, yosafikisa majarini?

Ilipo, ndipo ndi yabwino kwa oyamba kumene. Sungunulani majarini magalamu 100 m'mbale yophikira. M'mbale ina sakanizani ufa kapu imodzi, shuga makota atatu a kapu, baking powder supuni ya tiyi imodzi ndi theka, kamchere, ndi mkaka kapu imodzi, zikhale ngati phala. Thirani phalalo pa majarini wotenthayo, osatakasa. Wazani mabulosi makapu 3 othira ndimu pamwamba, osatakasanso. Phikani pa madigiri 180 mphindi 40 mpaka 45. Phala lija limakwera n'kukuta zipatso, m'mphepete n'kukhala mokhukhuta. Apa cornflour safunika chifukwa ufa umamwa madziwo. Mukatakasa, mupeza keke yolemera yamafuta.

Mabulosi akatha, ndi zipatso ziti zina?

Mango, amene amatsatira kuyambira Novembala, ndiwo osavuta. Sankhani opanda ulusi, akupsa koma olimba, muwadule tizidutswa, shuga masupuni 2 okha ndi ndimu masupuni 2. Mapichesi ochokera ku Dedza ndi Ntcheu amachita bwino kwambiri, ndipo ku America cobbler wa mapichesi ndi wotchuka zedi. Jamu, tizipatso tachikasu tija tokhala m'kathumba ngati pepala, timawawasa bwino ndipo timagwirizana ndi mango; tikakhala tokha timafuna shuga wofika magalamu 120. Magwafa muyambe mwawiritsa ndi kusefa njere, chifukwa njere zake sizifewa ngakhale mutaphika tsiku lonse. Nthochi ndi papaya zisiyeni: nthochi zilibe msuzi, papaya amangosungunuka n'kukhala wozizira kukamwa.

Amene ali ndi firiji yowumitsa akhoza kusunga mabulosi. Yalani pathireyi aume gwa, kenako muthire m'pepala lapulasitiki. Pophika musawasungunule, ingowonjezerani theka la supuni ya cornflour ndipo muwatenthetse mphindi 20 m'malo mwa 10 musanaike timitanda.

Kodi blueberry angabereke m'munda mwanga?

Ndi mbewu yovuta. Imafuna dothi lowawasa kwambiri, la pH (muyezo wa kuwawasa kwa dothi) 4.5 mpaka 5.5, lotaya madzi msanga koma losauma, ndipo mitundu yambiri imafuna nyengo yaitali yozizira kuti ichite maluwa. Alimi a ku South Africa ndi Zimbabwe amabzala mitundu yapadera yosalira kuzizira kwambiri, ambiri m'matumba kapena m'miphika yothirira ndi mapaipi. Mabulosi, nthambi yokula ngati chala, yotalika masentimita 30, mukaizika kumayambiriro kwa mvula imagwira yokha. Ingobzalani kutali ndi chingwe choyanikira zovala, mbalame zodya mabulosi sizisankha pochitira chimbudzi.

Amadya ndi chiyani, ndipo angakhale masiku angati?

Ali wofunda, ndi kasitadi, yogati wosatsekemera kapena chambiko chozizira. Ndi tiyi wa masana amakomanso yekha.

Kunja kwa firiji, nyengo yotentha, adyedwe tsiku lomwelo. Vindikirani ndi nsalu yoyera kapena sefa, osati chivindikiro chothina, chifukwa nthunzi imafewetsa pamwamba. Mufiriji amakhala masiku 3. Potenthetsa, mphindi 10 mpaka 15 pa madigiri 160, kapena m'poto wovindikira ndi makala ochepa pamwamba. Ngati mukupita naye ku chinkhoswe kapena ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, mulekeni azirale kaye ola lathunthu, ndipo munyamule m'mbale momwe wapsera, yokhazika m'beseni loyala nsalu. Pa kabaza msuzi wotentha umakhavukira pa timitanda.

Madontho a mabulosi ndiwachotse bwanji?

M'manja, pakani madzi a ndimu kapena mufikise mabulosi osapsa, kenako musambe. Sopo mubwere naye pambuyo, chifukwa mukayamba ndi iye dontho limasanduka labuluu n'kukanirira. Pansalu ya thonje, ikungeni pakamwa pa ndowa dontho likadali laliwisi, muthire madzi owira kuchokera m'mwamba mpaka litasuluka, kenako muchape monga mwa masiku onse. Musasite nsaluyo dontho lisanathe.